Kompyuta ikuchedwa kuyaka chisomekereni chipangizo chatsopano, ndipo mafayilo akukwawa: poyambira kufufuza

Munthu amagula external, disiki yosomeka kunja kwa kompyuta, ya 1TB kapena 2TB yoti azisungamo nyimbo, mafilimu ndi zithunzi za makasitomala. Wina amawonjezera pulinta, sikana ndi ka hub kotengera zinthu zinayi pa poti imodzi. Kutacha, kompyuta imene inkayaka m'masekondi 30 ikuima pa chizindikiro cha HP kapena Dell kwa mphindi ziwiri, ndipo foda ya mafilimu ikukopedwa mwapang'onopang'ono moti kasitomala watopa n'kudikira. Ambiri akafika apa amangoti ndi vayirasi, ndipo okonza ena sachedwa kunena kuti tifomate tiikemo Windows ina. Musavomere msanga. Vuto likayamba tsiku limene mwawonjezera chipangizo, kawirikawiri limakhala pa chipangizocho kapena pa njira yochoka pa kompyuta kukafika pa icho, ndiye kuti poti, chingwe ndi mphamvu ya magetsi. Windows yatsopanoyo idzapeza chingwe chomwecho ndi poti yomweyo, inu mutataya tsiku lonse ndi mapulogalamu anu.

Choyamba ndi kutsimikiza kuti wolakwa ndi ndani. Zulani zonse zimene zasomekedwa, mungosiya kiyibodi, mausi ndi sikirini. Kenako musankhe Restart, osati Shut down. Kuyambira pa Windows 8, Shut down sizimitsa kompyuta kotheratu ngati Fast Startup ndi yoyatsa: Windows imasunga mbali ina ya zimene zinali m'kati, kuphatikizapo madirayiva, timapulogalamu tothandiza Windows kulankhula ndi zipangizo, n'kudzazidzutsa mukayatsanso. Restart ndiye imayambitsa zonse pachiyambi. Gwiritsani ntchito wotchi ya pa foni muwerenge masekondi kufikira pamene mungathe kutsegula pulogalamu. Mukatero bwezeretsani chipangizo chimodzi, muchitenso Restart, muwerengenso. N'zotopetsa, koma pomaliza mudzadziwa chenicheni chimene chikuwonjezera nthawi, m'malo molotera. Kompyuta ikamachedwabe zonse zitazulidwa, ndiye kuti chipangizo chinasiya pulogalamu kapena dirayiva yake m'kati, kapena vutolo linalipo kale ndipo mwangoliona tsopano.

Kodi nthawi ikutayikira pati?

Kuyaka kwa kompyuta kuli ndi magawo awiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Gawo loyamba ndi la BIOS, kapena UEFI pa makina atsopano, pulogalamu ya m'kati mwa makina imene imadzuka Windows isanayambe, pamene pakuoneka chizindikiro cha kampani imene inapanga kompyutayo. Gawo lachiwiri limayamba pamene timadontho ta Windows tayamba kuzungulira. Kuti mudziwe gawo limene likudya nthawi, tsegulani Task Manager podina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mupite pa Startup. Makina ambiri amaonetsa Last BIOS time chakumwamba kudzanja lamanja. Masekondi 5 mpaka 15 ndi abwinobwino. Ngati nambalayo inali 8 external isanasomekedwe ndipo tsopano ndi 70, Windows ilibe mlandu, chifukwa nthawi yonseyo imatha iyo isanayambe n'komwe kugwira ntchito.

Chimachitika n'chakuti BIOS, isanapereke ulamuliro kwa Windows, imafunsa chipangizo chilichonse chosungiramo zinthu ngati chili ndi poyambira. External ya hard disk imafuna masekondi angapo kuti mbale zake za m'kati ziyambe kuzungulira, ndipo BIOS imadikira. Chowerengera memole chokhala ndi timabowo tinayi chimaoneka ngati madisiki anayi, ndipo onse amafunsidwa limodzilimodzi. Mapulinta ena okhala ndi polowetsa memole amachitanso chimodzimodzi. Madongo a intaneti ndi ma MiFi ambiri akasomekedwa amadzionetsa kaye ngati CD yokhala ndi pulogalamu yawo, choncho BIOS imene inauzidwa kuti iziyamba kuyang'ana CD imatha kukakamira pamenepo.

Lowani mu BIOS poyatsa kompyuta. Pa Dell mumadina F2, pa HP F10, pa ThinkPad F1, pa Lenovo zina, Acer ndi Asus F2, ndipo pa makina ongolumikiza okha nthawi zambiri ndi Delete. Pezani Boot Order kapena Boot Sequence, muike Windows Boot Manager, kapena disiki ya m'kati, pamwamba penipeni. USB, CD ndi Network Boot zipite pansi. Malaputopu ambiri ogula pa kaunjika amakhala ndi USB pamwamba chifukwa amene anaikamo Windows anagwiritsa ntchito fulashi ndipo sanabwezeretse. Simutaya kanthu potsitsa USB, poti tsiku limene mudzafune kuyatsira pa fulashi mudzangodina F12 pa Dell ndi Lenovo, kapena F9 pa HP, n'kusankha.

Zikapanda kusintha, yang'anani Fast Boot muiyatse, chifukwa imachepetsa zipangizo zimene BIOS imafunsa. Pa makina akale pali Legacy USB Support. Kuizimitsa kumathetsa kuima kwa pa chizindikiro, koma kiyibodi ya USB imatha kusiya kugwira ntchito mu BIOS momwemo, ndiye pa desktop ganizani kawiri. Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha kuti muzisamale muli m'menemo. Musasinthe SATA Mode kuchoka pa RAID kupita pa AHCI kapena mosemphanitsa pongoyesa, chifukwa Windows imene inaikidwa pa njira imodzi imakana kuyaka pa inayo, n'kukupatsani sikirini ya buluu kapena yakuda yolembedwa INACCESSIBLE BOOT DEVICE. Ndipo ngati disiki yanu ndi yokhomedwa ndi BitLocker, pezani kaye kiyi yake ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, popeza kusintha zina mu BIOS kumachititsa kuti ifunsidwe.

Ngati BIOS ikudutsa bwino koma kuchedwa kuli pa timadontho, onetsetsani zimene zikulembedwa pansi. Mawu akuti Scanning and repairing drive akutanthauza kuti Windows yapeza disiki imene sinatsekedwe bwino. Izi n'zofala kwathu kuno komwe magetsi amazima munthu ali pakati pokopa, komanso komwe external imazulidwa popanda Eject poti kasitomala akufulumira. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe fsutil dirty query E: koma m'malo mwa E muike chilembo cha disiki yanu. Ikanena kuti ndi dirty, lembani chkdsk E: /f muisiye imalize. Koma musanatero werengani kaye za disiki yodwala pansipa, chifukwa chkdsk pa disiki imene ikufa imatha kuimalizitsa.

Kukakhala kuti desktop yaoneka koma palibe chikudinika kwa mphindi zingapo, bwererani pa Startup mu Task Manager. Pulinta imodzi imatha kubwera ndi mapulogalamu atatu kapena anayi: woyang'anira inki, wofufuza ma update, wothandiza kusikana. Ma external ena amabwera ndi pulogalamu ya backup imene imayamba kuwerenga disiki yonse kompyuta ikangoyaka. Dinani Disable pa zimenezi. Pulinta idzasindikizabe chifukwa chimene imafuna ndi dirayiva yokha. Amene akufuna umboni wolembedwa atsegule Event Viewer, atsate Applications and Services Logs, Microsoft, Windows, Diagnostics-Performance, Operational. Event 100 imanena nthawi yonse imene kuyaka kunatenga, 101 imatchula pulogalamu imene inachedwa, ndipo 102 imatchula dirayiva. Dirayiva yotchulidwayo muichotse ndi kuika yochokera pa webusayiti ya opanga chipangizocho. Mapulogalamu olonjeza kukonza madirayiva onse podina kamodzi ine sindiwakhulupirira. Amabweretsa mavuto ochuluka kuposa amene amachotsa.

Liwiro lokopa mafayilo

Apa manambala amathandiza kwambiri, chifukwa liwiro limene Windows ikuonetsa pokopa limaulula pamene pali vuto. USB 2.0, imene inatuluka mu 2000, imalembedwa kuti ndi 480 Mbps, koma amenewo ndi ma megabit, ndipo byte imodzi ili ndi ma bit 8. Mukachotsanso zimene njirayo imadya yokha, mumatsala ndi 30 mpaka 40 MB pa sekondi. USB 3.0 ya mu 2008 ndi 5 Gbps, ndipo SSD yabwino, disiki yopanda mbale zozungulira, imadutsa 400 MB pa sekondi pamenepo. Mayina akuti USB 3.1 Gen 1 ndi USB 3.2 Gen 1 asakusokonezeni, ndi USB 3.0 yomweyo anangoisintha dzina. Gen 2 ndiyo ya 10 Gbps. External wamba ya hard disk, yaing'ono yosafuna adaputa, imayenda pakati pa 80 ndi 130 MB pa sekondi ikamakopa mafayilo akuluakulu. Mafilimu okwana 50GB amatenga mphindi pafupifupi 8 pa liwiro la 110, koma pa 35 amatenga mphindi 24.

Ndiye yesani ndi fayilo imodzi yaikulu, monga filimu ya 2GB kapena kuposa. Liwiro likakhazikika pa 30 ndi china osakwera, external yanu ikuyenda pa USB 2.0, kaya pa bokosi pake analembapo chiyani. Zifukwa zake ndi zochepa ndipo zonse n'zooneka ndi maso. Poti ya USB 3.0 nthawi zambiri imakhala ya buluu m'kati kapena imakhala ndi zilembo SS pambali. Yakuda kawirikawiri ndi 2.0, ngakhale kuti malaputopu ena amapaka zonse zakuda n'kungodalira chizindikiro. Pa desktop, mapoti akutsogolo amalumikizidwa ndi kachingwe ka m'kati, ndipo pa mabokosi akale amakhala a 2.0 okhaokha. Akumbuyo ali pa motherboard penipeni, bolodi lalikulu la kompyuta, yesani amenewo.

Chingwe ndicho chimanamiza anthu ambiri. Ma external ambiri ali ndi poti yotakata yogawika pawiri yotchedwa Micro-B. Chingwe cha chaja ya foni zakale za Android chimalowa bwinobwino mbali imodzi ya potiyo, disiki n'kuyaka n'kuoneka pa kompyuta, koma mawaya othamangitsa ali mbali imene yatsala yopanda kanthu. Chingwe choyambirira chikatayika munthu n'kutenga cha foni, liwiro limagwa kosazindikira. Ndi USB-C nkhani yake ndi yomweyo: zingwe zambiri zobwera ndi mafoni n'zochajira, ndipo pa mafayilo zimangofika pa USB 2.0 ngakhale mutu wake ukufanana ndi wa chingwe chothamanga. Palinso china chimene anthu sakhulupirira mpaka atachiona. Mutu wa USB 3.0 uli ndi timapini 9, tinayi kutsogolo ndi tisanu m'kati. Mukasomeka pang'onopang'ono, tinayi takutsogolo timagunda koyamba, kompyuta n'kugwirizana ndi disikiyo ngati ya 2.0 tisanu tija tisanafike. Zulani, musomekenso kamodzi n'kamodzi mpaka kumapeto. Kuti mutsimikize, kapulogalamu kaulere ka USB Device Tree Viewer kamaonetsa mmene chipangizo chilichonse chalumikizikira: High-Speed ndi USB 2.0, SuperSpeed ndi 3.0.

Amene akadali pa Windows 7 adziwe kuti iyo sinabwere ndi dirayiva ya USB 3.0. Windows 8 ya mu 2012 ndiyo inali yoyamba kukhala nayo. Pa Windows 7 muyenera kuiika nokha, apo ayi mapoti a buluu sagwira ntchito konse kapena amayenda ngati a 2.0.

Tsopano za hub ndi magetsi. Poti ya USB 2.0 imapereka 500 mA, ya USB 3.0 imapereka 900 mA, zonse pa 5V. Hard disk yaing'ono ikamayamba kuzungulira imafuna pafupifupi mphamvu yonseyo. Mukasomeka hub yopanda adaputa yakeyake, n'kuikapo external, dongo, kiyibodi ndi foni yochaja, zonsezo zikulimbirana mphamvu ya poti imodzi, ngati mabanja anayi otunga pa mpopi umodzi wodontha. Zizindikiro zake n'zodziwika: disiki imalira kuti tchi tchi ikuyesa kuzungulira, imasowa n'kubweranso, Windows imalira kabelu kolumikiza ndi kozula yokha, ndipo kukopa kumaima pa 0 kenako n'kupitiriza. Vuto lomweli ndi limene limachedwetsa kuyaka, chifukwa BIOS imadikira disiki imene ikulephera kudzuka. Choncho mukaona mavuto onse awiri nthawi imodzi, yambani kukayikira mphamvu. External isomekedwe mwachindunji pa kompyuta ndi chingwe chachifupi, hub isiyidwire mausi ndi kiyibodi. Ngati mapoti ndi ochepa, gulani hub ya USB 3.0 yokhala ndi adaputa ya magetsi. Ma hub otchipa ambiri ndi a 2.0, ndipo chilichonse chosomekedwa pamenepo chimagawana 35 MB yomwe ija. Laputopu ikhale pa chaja poyesa, ndipo mu Device Manager, pansi pa Universal Serial Bus controllers, tsegulani USB Root Hub iliyonse, pa Power Management muchotse chizindikiro pa Allow the computer to turn off this device to save power.

Nthawi zina palibe chawonongeka, kungoti chipangizocho ndi mmene chilili. Nyimbo 10,000 za MP3 zimakopedwa mochedwa kuposa filimu imodzi ya kukula kofanana, chifukwa fayilo iliyonse imatsegulidwa, kulembedwa dzina, kuunikidwa ndi antivayirasi n'kutsekedwa payokha. Kukopa mafoda atatu nthawi imodzi pa hard disk kumachedwetsa onse atatu, poti kamutu kowerengera kamangothamangathamanga uku ndi uku. Ndi bwino kuwaika pa mzere. Ma external ambiri a masiku ano, makamaka a 2TB kupita m'mwamba, ndi a mtundu wa SMR, umene umalemba mizere yosanjikizana kuti mulowe zambiri. Amayamba mothamanga, koma malo awo olandirira akadzaza, liwiro limagwa kwambiri kufikira disiki itapatsidwa nthawi yokonza m'kati mwake. Muisiye yosomeka osaigwiritsa ntchito kwa kanthawi, idzabwerera. Mafulashi otchipa nawo amawerenga mwachangu koma polemba ambiri sadutsa 10 MB pa sekondi ngakhale ali a buluu. Ndipo fulashi kapena SSD ya mtengo wotsika modabwitsa yolembedwa 1TB kapena 2TB muiyese ndi H2testw musanaikhulupirire. Zabodza zimalemba mochedwa, ndipo zikadzaza malo ake enieni zimayamba kuwononga mafayilo mwakachetechete.

Pali chosintha chimodzi mu Windows chimene anthu amakonda kulangizana. Kuyambira pa Windows 10 version 1809, madisiki akunja amaikidwa pa Quick removal, imene silola Windows kusunga kaye zolembedwa mu RAM, memole ya kanthawi ya kompyuta. Mukapita mu Disk Management, Properties za disikiyo, pa Policies, mutha kusankha Better performance. Imathandiza ndithu pa mafayilo ang'onoang'ono ambiri. Koma magetsi akazima kapena wina akazula popanda Eject, zimene zinali zisanafike pa disiki zimatayika. Pa laputopu ya batire labwino ndingayatse. Pa desktop yopanda UPS, kabokosi ka batire kothandiza magetsi akazima, ayi.

Disiki yodwala

Iyi ndiyo yofunika kuigwira msanga, makamaka kwa ogula ma hard disk akale oikidwa m'kabokosi katsopano. Mukamakopa, tsegulani Task Manager pa Performance, mudine disikiyo. Active time ikakhala pa 100% koma liwiro lili 1 kapena 2 MB pa sekondi, ndipo Average response time ikufika masauzande a ma millisecond, mwina disiki ikubwerezabwereza kuwerenga malo owonongeka. Ikani CrystalDiskInfo, yaulere, muone. Ikalemba Caution, yang'anani mizere itatu: 05 Reallocated Sectors Count, C5 Current Pending Sector Count ndi C6 Uncorrectable Sector Count. Raw value ya mizere imeneyi iyenera kukhala 0, ndipo ikamakwera tsiku ndi tsiku disikiyo ikufa. Mzere wa C7, UltraDMA CRC Error Count, ndi wosiyana: ukamakwera, wolakwa amakhala chingwe kapena polumikizira, disiki ili bwino. Mu Event Viewer, pansi pa System, Event 7 ndi malo owonongeka, 153 ndi kubwereza kuwerenga kapena kulemba, 157 ndi disiki imene yasowa mwadzidzidzi.

Disiki yotere musaifomate, musaichite defragment, ndipo musaithamangitse chkdsk /r muli ndi zinthu zofunika m'menemo. Kopani kaye zimene simungazipezenso kwina, monga zithunzi za ukwati za makasitomala ndi makalata a ntchito. Mafilimu abwere pambuyo. Ikamakana kukopa, pulogalamu ya ddrescue ya pa Linux imatha kutenga mbali zabwino kaye n'kudzabwerera pa zowonongeka pomaliza, zimene Windows sichita.

Zowonjezera za m'kati mwa kompyuta zili ndi misampha yakenso. Ambiri amachotsa DVD pa laputopu n'kuikapo caddy, kabokosi kokhala ndi disiki yachiwiri. Pa malaputopu ambiri akale, polumikizira DVD ndi pochedwa kuposa pa disiki yaikulu: SATA II imafika pafupifupi 270 MB pa sekondi pamene SATA III imafika 550. Choncho SSD yokhala ndi Windows ikhale pamalo a disiki yaikulu, hard disk yakale ipite mu caddy, osati mosemphanitsa. Ma caddy ambiri ali ndi kaswichi kakang'ono pafupi ndi polumikizira. Laputopu ikamachedwa kuyaka kapena kukana kuzima chiikireni caddy, sunthani kaswichiko muyesenso. Onaninso Boot Order, chifukwa disiki yakaleyo ikadali ndi Windows yake, kompyuta imatha kumayakira pamenepo inu mukudabwa kuti SSD yatsopano sinasinthe kanthu. Pa desktop, ma motherboard ambiri amagawana njira pakati pa M.2, polumikizira SSD yaing'ono yooneka ngati kandodo, ndi mapoti ena a SATA, moti mukaika SSD ya M.2 poti imodzi kapena awiri amazima. Buku la motherboard limanena kuti ndi ati.

Mausi yopanda chingwe ikayamba kudumphadumpha kapena Wi-Fi ikafooka external ikamakopa, si kuti kompyuta yalemedwa. USB 3.0 imatulutsa phokoso la wailesi pafupi ndi 2.4 GHz, ndipo Intel inafotokoza zimenezi mu 2012. Kadongo ka mausi kasamutsireni ku poti ya mbali ina kapena pa kachingwe kowonjezera, ndipo Wi-Fi muiike pa 5 GHz ngati rauta yanu ili nayo.

Pali ma BIOS ena akale amene amangodana ndi chipangizo china chake ngakhale mutakonza Boot Order, mutasintha chingwe ndi poti, disiki nayo ili bwino. Yang'anani pa webusayiti ya opanga kompyutayo ngati pali BIOS update ya mtundu wanu weniweni, ndipo muiike pokhapokha batire lili lodzaza kapena pali UPS, chifukwa magetsi akazima pakati pa ntchitoyi kompyuta imatha osayakanso. Ngati update palibe, muzisomeka chipangizocho Windows itayaka kale, n'kumachita Eject musanazimitse.